Chipinda Chakumapeto kwa a Gibson

Chaka chimenecho fodya wa a Zakeyu a kwa Kabudula anachita bwino, ndipo mvula isanayambe anaganiza zotenga akazi awo, a Felesita, ndi mwana wawo wamng'ono Ester, kupita ku Lilongwe kukagula njinga. A Felesita sanafune. Anati mutu ukuwawa, anati nkhuku zitsala ndi yani, koma amuna awo anaumirira mpaka onse anakwera lole.

Njinga anaigula tsiku lomwelo kwa Amwenye. Koma lole yobwerera inafera pafupi ndi mlatho, ndipo dalaivala anati chitsulo chake chichokera kutali. M'tauni analibe mbale. Munthu wina anawalozera kwa a Gibson, msilikali wakale amene anamanga mdadada wa tizipinda ta zidina kuseri kwa msika, potsetserekera kumtsinje. Mmenemo munkagona alimi, ogulitsa nsomba ndi anyamata odikira ulendo wa ku Joni.

"Chatsala chakumapetocho," anatero a Gibson. "Anthu amachithawa, ati chimazizira. Koma n'chotchipa, ndipo chitseko chake n'cholimba."

M'chipindamo munali mphasa imodzi ndi msomali pakhoma. Kunja dzuwa linkaswa mtengo, koma mkatimo munali zii ngati m'mtsuko. A Felesita atangoponda pansi anamva mabere awo akulemera ndi kuwawa. Ester analeka kuyamwa kalekale, komabe bulauzi yawo inanyowa. Anadzifunditsa nsalu.

Chakudya ankagula pafupi pomwepo, pansi pa mtengo wa mango, pamene mayi wachikulire, a Nangondo, ankagulitsa futali wa mbatata, mpunga wa nyemba, zitumbuwa ndi thobwa. Mmawa mwake a Zakeyu anabweretsa zitumbuwa zotentha pa tsamba la nthochi. Ester ananyema chake pakati, n'kukaika theka pangodya yoyang'ana kumtsinje.

"Iwe, chakudya sataya," anatero bambo ake.

"Sindikutaya. Ndikupatsa kamwana kakulirako."

"Kakulira kuti?"

"Pansipa. Kodi simukumva?"

A Zakeyu anaseka. "Amenewo ndi makoswe a m'tauni, amalira ngati anthu."

A Felesita sanaseke. Anamunyamula Ester n'kutuluka naye panja.

Masana a Zakeyu atapita kukaona lole, a Felesita anapita okha kukagula futali. A Nangondo anawapakulira, koma mbale sanaisiye msanga.

"Inu ndinu a kwa Kabudula, eti? Ndinakuzindikirani dzulo lomwe ndi mphini za patsayazo. Ine simukundikumbuka?"

A Felesita anawayang'ana bwino. Anakhala pansi pafumbi.

Ester asanabadwe, a Zakeyu ali kuntchito ku Halale, a Felesita anali ndi pakati poyamba. Zinthu zitavuta, azakhali awo anabwera nawo pangolo kuti akafike kuchipatala cha ku boma, koma matenda anawapeza m'mbali mwa mtsinje womwewu. Amayi a mumsika anathamangirako n'kuwatchinga ndi nsalu. Mwanayo anabadwa wakufa. Monga mwa mwambo wa nthayo, amayi okhaokha ndiwo anakamuika, m'dzenje losazama, popanda maliro. Azakhali anauza a Felesita kuti asalire, akalira sadzaberekanso. A Zakeyu atabwera anangouzidwa kuti akazi awo anapita padera, ndipo nkhani inathera pomwepo.

"Amene ndinamufunditsa ndine," anatero a Nangondo. "Ndinang'amba mpango wanga."

"Munakamuika pati, amayi?"

A Nangondo anathira thobwa m'chipanda, n'kuwapatsa kuti amwe kaye.

"Nthawi ija kunali bango lokhalokha kumeneko. A Gibson atayamba kukumba maziko ndinapita kukawauza. Anati, 'Mayi, manda ali ndi mitengo yake, pano palibe manda.' Ndikanatani ine? Munthu ndabwera kudzagulitsa mbatata." Anatsitsa mawu. "Akugonekani chipinda chiti?"

A Felesita analoza chakumapeto kwa mdadada. A Nangondo anagwira pakamwa.

Madzulo a Zakeyu anabwera akukankha njinga yawo yatsopano, akusangalala kuti lole yakonzedwa ndipo inyamuka mmawa. Anapeza akazi awo atakhala m'chipinda muja pangodya, dzanja lili pansi, futali wazizira m'mbale.

"Amake Ester, mwadwala kodi?"

"Anali wamwamuna," anatero a Felesita.

"Ndani?"

"Uja simunafunse uja. Ali pano, pamene pali dzanja langali."

A Zakeyu anaima pakhomo. Kenako anavula chipewa. Anafuna kulowa, phazi linakana. Malo otero mwamuna safikapo. Anakhala pakhonde, msana atatsamira khoma, Ester ali pamiyendo. Anthu odikira ulendo wa ku Joni ankadutsa n'kupereka moni.

"Tipemphe chipinda china," anatero potsiriza.

"Inu pitani ndi mwanayo. Ine ndigona muno."

A Felesita anagonadi momwemo okha, ndipo zimene anamva sanauzepo munthu.

Kutacha anabwereka ndowa kwa a Nangondo n'kutsikira kumtsinje. Anabwerako ndi dothi lakuda. A Gibson atawaona atagwada m'chipindamo anadabwa.

"Mayi, mukutani? Alendo sazira muno."

"Asiyeni," anatero a Nangondo, amene anali atasiya malonda awo n'kuima pazenera.

A Felesita anazira chipinda chonse, kuyambira kuchitseko. Atafika pangodya paja anachepetsa dzanja, akusisita dothilo pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda. Misozi inkagwera m'matopemo, iwo n'kumaisalaza pamodzi. Palibe amene anawaletsa kulira. Anabwerera chambuyo mpaka pakhomo kuti asasiye phazi, n'kutseka chitseko.

Kumlatho lole inayamba kuliza hutala. A Nangondo anamangira Ester zitumbuwa m'kansalu, ndipo anagwira a Felesita dzanja.

Akukwera chitunda cha kumsika, anakumana ndi amuna atatu ochokera kunyanja, madengu a usipa ali pamutu, akufunsa kwa a Gibson. A Felesita anacheuka. Anaona a Gibson akuwalozera kumapeto kwa mdadada, ndipo anamva chitseko chikutseguka, madengu akugwa pansi, wina akudandaula kuti pansi m'ponyowa, anzake n'kumaseka.

"Tiyeni, lole itisiya," anatero a Zakeyu motsitsa.

A Felesita anabereka Ester kumbuyo, ngakhale mwanayo ankatha kuyenda yekha, ndipo anamanga nsalu mothina mpaka Ester anadandaula kuti akumupweteka.