Bowo la Pansi pa Chitseko

Galimotoyo inali yakale kuposa ana awo onse. Bambo ndiwo adaikamo bedi kumbuyo, kabati ndi mbaula ya gasi, masiku amene ankazungulira m'misika kukonza makina osokera. Kenako sitiroko idawagwetsa. Mkono ndi mwendo zidafa, mawu adatsala ngati a munthu wolankhulira m'thumba.

Mayi adaphunzira chiwongolero atakalamba, masiku atatu okha, mkamwini akuwaphunzitsa uku thukuta lili kamukamu. Lachiwiri lililonse ankagoneka bambo pabedi paja n'kuwatengera kuchipatala, ulendo wa maola awiri. Dokotala anali atawakokera pambali n'kuwauza kuti mtima wa bambo watopa, asawerengere zaka.

Chimene chinkawadya mayi n'chakuti pakhomo bambo sankalankhula, ankangoyang'ana khoma. Koma galimoto ikangoyamba kuyenda, pakalilole ankaona milomo yawo ikugwedera, maso ali pa iwo. Kumva ayi. Zitseko zinkalira ngati mgolo wopanda madzi, matayala akuuluma pansi, mphepo ikuimba mluzu. Akaimika n'kufunsa kuti mwati chiyani bambo ake, bambo ankangotsinzina. Mayi adatsimikiza mumtima kuti mwamuna wawo ali ndi mawu omaliza, ndipo msewu ukuwadya.

Adapita kwa mmisiri wa mabodi a galimoto, uja wa galaja yofolera ndi malata. Mayi sadakhale n'komwe pansi. Adamuuza kuti atseke bowo lililonse m'zitsekomo, lero lomwe. Mmisiri adachotsa thabwa la m'kati mwa chitseko, n'kugogoda lata ndi chala. Adati latalo alimata mphira kuti lisanjenjemere, pamwamba aika siponji, mipira ya m'mbali asintha. Koma timabowo ta pansi totulutsa madzi a mvula, ndi bowo lalikulu la mpweya, lokhala ndi sefa, pansi pa chitseko chotsetsereka, sakhudza.

Mayi adayamba kumutsitsa ngati ali pa mulu wa tomato. Atseke onse. Ayi. Asiye awiri. Ayi. Chabwino, asiye ting'onoting'onoto koma lalikululo atseke, poti ndilo kamwa la msewu.

"Mayi, muli ndi botolo la gasi umu," adatero mmisiri. "Gasi akatayika amatsikira pansi, amatulukira apa. Bambowo amagona kufupi ndi pansi."

"Sindinabwere kusukulu ine. Uchita kapena suchita?"

Mmisiri adati achita, koma Lachisanu, poti guluu amafuna tsiku kuti agwire. Mayi adamuuza kuti Lachisanu ndi la anthu amene ali ndi masiku osungira, n'kuliza galimoto.

Atafika kunyumba adatenga mpeni wa kukhitchini n'kukanganula matabwa aja okha. Adatulutsa majekete a bambo, amene sankavalanso, ndi bulangete lakale, n'kuzikanikizira m'zitseko ndi mpini wa tsache. Bowo la sefa adalitseka ndi sikafu, n'kumatapo tepi.

Phokoso lidachepa ndithu, koma sabata imeneyo kudagwa mvula. Madzi adatsikira m'magalasi n'kusowa potulukira. Pofika Lachiwiri majekete anali atamwa, zitseko zikulemera, m'kati mukununkha chuku. Magalasi adachita nthunzi. Asanafike theka la ulendo, bambo adayamba kutsokomola, chifuwa chosatha, nkhope ikuda. Mayi nawonso mutu unkawagunda. Ataimika ndi pamene adamva kafungo ka gasi pansi pa fungo la chuku lija. Adatsekula zitseko zonse, natseka botolo, n'kukhala pakhomo pa galimoto atagwira mutu wa mwamuna wawo mpaka mpweya utabwerera. Tsiku limenelo milomo sidagwedere.

M'mawa mwake adali pagalaja. Sadapepese, pakamwa pawo sipadazolowere. Adangoti, "Chotsa." Mmisiri adasolola majekete amodziamodzi, akudontha madzi a dzimbiri, n'kuwapachika pawaya. Adasintha paipi ya gasi imene idang'aluka. Adabooleza timabowo ta pansi ndi waya, madzi akuda n'kutsanukira pasimenti. Ntchito idatenga masiku awiri, mayi atakhala pa tayala lakutha, akumufunsa ola lililonse ngati watha. Pomaliza adaloza sefa ija n'kufunsa ngati singatsekedwe ngakhale theka. Mmisiri adangowayang'ana, iwo n'kuisiya nkhaniyo.

Lachiwiri lidafika. Chitseko chidatsekeka ndi kaphokoso kakang'ono ngati ka chivundikiro cha poto. Pamsewu, m'galimoto mudali bata lachilendo, kamphepo kokha kakulowera pansi. Mayi adamva kupuma kwa bambo, kokoka, kodukaduka, kumene anali asanakumvepo ali pachiwongolero.

Atayamba chitunda chachikulu, milomo idagwedera. Mayi adatchera khutu, kudikira za ana, za nyumba, kapena za kumene akufuna kukagona.

"Mayi ake," adatero bambo, mawu akuchita kukwawa. "Giya. Mukuipha injini. Yachitatu."

Miyezi isanu yonseyi, ndiye mawu ake amenewa. Mayi adafuna kukalipa, koma msewu udayamba kuoneka mbuu. Adapukuta maso ndi nsonga ya mpango, adaponda kilatchi, n'kulowetsa yachitatu. Injini idasiya kubuula.

"Eya," adatero bambo.

"Nanga pokhota apo?" adafunsa mayi, ngakhale ankapadziwa bwino.

Bambo adatenga nthawi kusonkhanitsa mpweya. Mayi, amene sadadikirepo munthu chibadwire, adachepetsa liwiro n'kudikira.