Thobwa la aNangozo

Loweruka lililonse, anthu asanachuluke pa chigayo cha mpunga cha pa Golomoti, Tereza ankavula masilipasi n'kukwera pa sikelo yoyezera matumba. Maliko, mwini chigayocho, yemwenso adali msuweni wa mwamuna wake, ankasuntha kachitsulo ka sikeloyo pang'onopang'ono, lilime lili panja ngati akulowetsa ulusi pa singano.

"Makilo 93, alamu. Monga sabata latha."

"Mwayeza bwino inu? Si sikelo ija mumabera nayo alimi imeneyi?"

"Ikadakhala yoberayo bwenzi itakuchotserani makilo awiri, inu mukuvina pano. Tsikani, mungandithyolere katundu."

Adaseka onse awiri, koma kuseka kwa Tereza kudathera pakhomo pa chigayo. Limeneli lidali sabata lachisanu ndi chinayi sikelo ikunena mawu amodzimodzi.

Vuto lake lidali pamchombo. Chibadwire mwana wake wachitatu padali potupa, ndipo m'zaka khumi chotupacho chidakula kufika ngati lalanje. Akawerama kuti aokere mpunga kumunda wake wa ku Bwanje, chinkatuluka n'kuuma gwa, mpaka agone chagada m'mbali mwa ngalande n'kumachikankhira m'kati ndi zala. Kuchipatala adamuuza kuti amenewo ndi matumbo, akutulukira pamene mnofu wa mimba udang'ambika, ndipo tsiku lina adzatuluka osabwereranso. Madokotala osoka malo otere amabwera kamodzi pachaka, mwezi wa Ogasiti. Dzina lake adalilemba, koma adamupatsa lamulo: atsike kuchoka pa makilo 104 kufika pa 88, apo ayi ulusi sudzagwira.

Tereza sadachite mwaulesi. Adasiya mandasi, adasiya shuga wa m'tiyi, adasiya ufa woyera n'kumadya mgaiwa wochepa ngati wa mwana. Mpunga wolima yekha ankaphikira ana, iye n'kumangomva fungo. Usipa ankawotcha pa makala, mafuta osayandikira. M'mawa uliwonse ankamanga nsalu m'chiuno n'kuyenda, anthu akumufunsa m'njira kuti, "Kodi njinga idafa?" kapena, "Mwataya chiyani, tikuthandizeni kufuna?" Miyezi inayi yoyamba thupi lidamvera. Makilo khumi ndi imodzi adapita, madiresi akale n'kuyamba kulowa.

Poona kuti miyendo yalimba, kumapeto kwa Epulo adaonjezera ulendo. M'malo mobwerera pa msewu wa phula, adayamba kukafika kwawo kumene adabadwira, cha kufupi ndi Mua, mtunda wa ola limodzi. Iye adatengedwa chitengwa, ndipo amayi ake, aNangozo, adatsala okha pakhomo chimwalirire abambo ake. Tereza ankati wapeza nzeru: thupi lizitsika, nawo amayi aziwaona tsiku ndi tsiku.

Kuyambira pamenepo sikelo idaima.

Adachepetsanso chakudya. Adayamba kugona ndi njala mpaka ankaona chizungulire potunga madzi. Sizidathandize. Adayamba kuyenda kawiri, m'mawa ndi madzulo, mapazi n'kuchita matuza. Sikelo osasuntha. Mwamuna wake, Kingsley, adayesa kumutonthoza kuti, "Mwina thupi lako ndi pomwe lidafikira, mayi a ana. Ena adalengedwa choncho." Mawu amenewo sakadasoka mimba ya munthu.

Lolemba lotsatira adapita kuchipatala chaching'ono cha kwawo kukaonana ndi anesi, a Prisca, amene ankasunga khadi lake.

"Tandiuzeni zonse zimene zimalowa m'kamwa mwanu kuyambira m'mawa," adatero anesiwo.

Tereza adatchula: mbatata imodzi yophika, mtanda umodzi wa mgaiwa, chisoso, bonongwe, usipa wowotcha.

"Basi?"

"Basi. Ndikanama ndinamiza ndani, si mimba yanga yomwe?"

"Nanga zakumwa?"

"Madzi. Tiyi wopanda shuga. Ndi thobwa la kwa amayi, koma ilo n'lophera ludzu la panjira."

"Lochuluka bwanji?"

Tereza adatambasula manja kusonyeza kapu yaikulu yachitsulo ya amayi ake. "Ziwiri m'mawa. Chiyambire kuyenda kawiri, ziwirinso madzulo."

A Prisca adaika cholembera pansi. "Amayi, thobwa amaphika ndi chiyani?"

"Ufa ndi chimera."

"Nanga ufa mudausiya uja ndi uti?"

Kwa Tereza, monga kwa aliyense amene adakula naye, chakudya ndi chimene munthu amayamba wasamba m'manja kuti adye. Thobwa munthu amamwa ali chilili, khasu lili paphewa, ndipo akafika kunyumba n'kumufunsa ngati wadya amati ayi, osanama. Ndiye kuti masabata onsewa, akamaonjezera kuyenda ankaonjezeranso makapu.

"Atsala masabata anayi," adatero anesiwo motsitsa mawu. "Makilo asanu ndi ambiri. Koma yesani."

Potuluka, Tereza adali ngati watula mtolo wa nkhuni. Vuto ladziwika. Akangowafotokozera amayi, basi zatha.

M'mawa mwake adalawira kuposa masiku onse. Atafika sadaodire, popeza pakhomo padali pawo. Adawapeza aNangozo m'kakhitchini kawo, atafulatira chitseko. Pambali padali mphika waukulu wa thobwa la alendo ndi aganyu. Koma patsogolo pawo padali kamphika kena kakang'ono. M'menemo adathira shuga wodzaza dzanja kawiri, kenako nsinjiro, kenako adapendeketsa botolo la mafuta ophikira n'kutakasa mpaka mafutawo adasowa.

"Amayi."

Mthiko udaima.

"Amayi, kamphika aka n'ka yani?"

ANangozo sadabise kanthu. Adapukuta manja pa nsalu, adatuluka panja n'kukhala pakhonde. "Khala pansi. Bwera nalo dzanjalo."

Umenewu udali moni wawo wa tsiku lililonse, ndipo Tereza ankangoti ndi chikondi cha ukalamba. ANangozo adagwira mkono wa Tereza pamene anthu amavala wotchi, n'kuuzunguliza ndi chala chachikulu ndi chapakati.

"Ukuona? Pa Khirisimasi pakati pa zala izi pankalowa chala china. Tsiku udabwera mu Epulo lija zidatsala pang'ono kukhudzana. Ine sindidagone."

"Ndiye mumadziwa chimene mukuchita?"

"Ndimadziwa."

"Ndidakuuzani za opaleshoni, amayi! Ndidakuuzani kuti adokotala akuti nditsike!"

"Katerina nayenso ankatero."

Dzinalo lidagwa pakati pawo ngati mwala m'chitsime. Katerina adali mkulu wake wa Tereza. Adapita ku Salima kukagwira ntchito ali wonenepa, masaya akuwala, n'kubwerera chaka cha njala chija diresi ikuzungulira thupi. Nthawi imeneyo mankhwala otalikitsa moyo adali asanafike kumidzi.

"Ankati, 'Ndili bwino amayi, adokotala angondiletsa zamafuta.' Ine n'kumamugwira apa m'mawa uliwonse. Zala zidakhudzana. Kenako zidapitirirana. Kumapeto ndinkamugwira ndi zala ziwiri ngati bango." ANangozo adausiya mkonowo. "Lamulungu lina chaka chino ku Mua, tikutuluka m'tchalitchi, ndidamva ndi makutu angawa amayi ena kumbuyo kwanga akuti, 'Wachiwiri uja wayambanso.'"

"Ndidayezetsa magazi katatu. Ndilibe matenda amenewo. Pepala lili kunyumba, ndibwera nalo."

"Pepala sindiwerenga ine. Ndimawerenga apa."

Tereza adakweza bulauzi, adatenga dzanja la amayi ake n'kuliika pa chotupa chija. "Chondipha ine ndi ichi, amayi. Osati kuonda. Ichi."

"Icho wakhala nacho zaka khumi, uli moyo, ukulima. Kuonda kudanditengera mwana m'miyezi isanu ndi umodzi."

ANangozo adanyamuka, adalowa m'khitchini, n'kutuluka ndi kapu yachitsulo ija yodzaza. Adaipereka ndi manja awiri, monga ankachitira masiku onse.

Tereza chibadwire adali asanakanepo chinthu chochokera m'manja mwa amayi ake. Kwawo munthu ngakhale wakhuta amalawa, ngakhale wakwiya amalandira. Adayang'ana kapuyo, mafuta akuyandama timadontho pamwamba.

"Pepani, amayi. Sindimwa."

"Lawa chabe."

"Sindimwa."

ANangozo adawerama n'kuika kapuyo pansi, pakati pa awiriwo. Tereza adatsanzika, iwo n'kulowa m'khitchini.

Masabata anayi otsatirawo adasintha njira. Ankalowera cha ku Mtakataka, kumene kudalibe khomo loti aimepo. Ankadziuza kuti alibe mkwiyo, akungothawa kapu. Koma akafika pa mphambano yopita kwawo ankayang'ana kumbali.

Sikelo idadzuka. Makilo 92. Kenako 91.

"Yasuntha, alamu!" adakuwa Maliko Loweruka lomaliza, mpaka ogayitsa mpunga adatembenuka. "Makilo 90! Atsala awiri okha. Kapena ndikubwerekeni yoberayo mupite nayo kuchipatala?"

Tereza adayesa kuseka, koma misozi idatsogola. Maliko adachita manyazi, n'kuyamba kusesa gaga pamalo posesedwa kale.

Lachitatu adapita kuchipatala chachikulu ndi kachikwama ka zovala, nsalu ziwiri ndi beseni, monga adamuuzira. Adakhala pa benchi ndi anzake ena khumi ndi asanu. Dzina lake litaitanidwa adavula masilipasi, mpango, ngakhale korona wopempherera wa m'khosi. Sikelo yakuchipatala idanena zimene idanena ya Maliko.

Dokotalayo adali munthu wofatsa. Adakanikiza mimba yake uku ndi uku, adawerenga khadi, n'kupukusa mutu. Adati wayesetsa kwambiri, koma mafuta a pamimba akadali ochuluka, ndipo akasoka n'kuphulika zidzaipa kuposa pano. Adzabwere chaka chamawa. Asanyamule zolemera. Chotupacho chikadzauma osabwerera, iye n'kuyamba kusanza, asadzadikire kuti kuche.

Asanyamule zolemera. Tereza adaganiza za mbande za mpunga, za mitolo, za ndowa, za dzinja lonse limene lidali pakati pa iye ndi Ogasiti wina.

Pobwerera, minibasi itafika pa siteji ya Mua, adamva pakamwa pake pakunena kuti, "Otsika." Adayenda ndi beseni lake pamutu mpaka pakhomo pa amayi ake.

"Odi kuno."

ANangozo adali pakhonde, akusankha nyemba m'lichero. Tereza adadzidzimuka. M'masabata anayi okhawo nkhope yawo idalowa, mafupa a m'khosi ali poyera. Pafupi ndi chitseko cha khitchini padali kamphika kaja, kovundikira ndi mbale, ntchentche zikuzungulira.

"Ndimaphikabe," adatero, ataona kumene maso ake adali. "Likasasa ndimapatsa nkhumba za kwa aneba. Zanenepa bwino."

Tereza adatula beseni n'kukhala pansi.

"Akusoka?"

"Ayi. Akuti chaka chamawa. Ndaperewera makilo awiri."

ANangozo adasiya kusankha nyemba. Pankhope pawo padadutsa kanthu kokhala ngati mpumulo, kenako kadazimirira, n'kutsala china cholemera. Adayang'ana pamimba pa mwana wawo nthawi yaitali.

"Makilo awiri," adabwereza. "Ndiye kuti ndi ine."

M'njira monse Tereza adakonza mawu ambiri, ena akuthwa, koma atawaona amayi ake adasowa poyambira.

"Ndili ndi ludzu, amayi. Mundipatseko madzi."

ANangozo adanyamuka movutikira. Tereza adamva akutsuka kapu, kawiri, katatu. Adabwera nayo kapu yachitsulo yomwe ija, madzi okhaokha, n'kuipereka ndi manja awiri. Tereza adamwa onse.

Kenako adatambasula mkono yekha, osauzidwa.

ANangozo adazengereza. Adaugwira pomwe paja. Zala zidakhudzana, nsonga ndi nsonga.

"Zidzapitirirana, amayi," adatero Tereza. "Ndikuuziranitu. Chaka chino chisanathe zidzapitirirana. Koma ine ndizibwera ndi miyendo yangayi m'mawa uliwonse, inu muziyeza. Katerina ankatha kuyenda kuchokera ku Golomoti?"

"Sankatha kufika ngakhale pa mtengo wa bwembawo."

"Ndiye muziwerenganso pamenepo."

Nkhuku idafika n'kuyamba kujompha nyemba m'lichero, koma palibe adaiingitsa. Pansi pa nsalu chotupa chija chidali chitayamba kuuma chifukwa cha beseni ndi ulendo, ndipo Tereza adachikankhira m'kati pang'onopang'ono ndi dzanja lamanzere, popeza lamanja amayi ake adali asanalisiye.