Makande Pansi pa Msewu

Mayi Fukulani ankayenda pambuyo pa thanki ya madzi, maso ali pa matayala. Dzinalo anamupatsa ndi anthu a pantchito, chifukwa injiniya ameneyu akangokayikira pena pake, mawu ake anali amodzimodziwo: fukulani. Uku kunali kuyesa komaliza msewu usanathiridwe phula. Thanki yodzaza imayenda pang'onopang'ono ngati ikuperekeza maliro, woyang'anira n'kumaona ngati nthaka ikugwedera. Makilomita atatu onse msewu unali gwa! Koma atafika pa dambo, kumunsi kwa sukulu, msewu unayamba kupuma. Tayala likaponda unkalowa, likadutsa unkadzuka ngati matiresi.

"Imani!" anakuwa, mtima uli phaphapha ndi ukali. "Bwererani m'mbuyo!"

Dalaivala anabwerera, ndipo msewu unapumanso.

Chomwe chinamuwawa kwambiri n'chakuti kapitawo wa chigawo chimenechi anali mchimwene wake weniweni, wa bere limodzi. Ndi iyeyo amene ankamutenga pa njinga ali mwana kukamuonetsa makatapila, n'kumamuuza kuti msewu sunama, wonama ndi munthu. Ndi iyeyonso amene anasaina kuti makande onse a m'dambomo, dothi lakuda lija lomwe limafufuma likamwa madzi, anachotsedwa n'kuthiramo miyala.

"Achimwene, pansi apa pali chiyani?"

Kapitawo anayang'ana kumbali. "Miyala. Ukufuna pakhale chiyani, golide?"

"Miyala imapuma?"

"Iwe, usandiyankhule ngati ndine mwana wako pamaso pa anthu anga. Ndinayamba ntchito ya misewu iwe ukudontha mamina."

Anthu aja anasiya mafosholo n'kumamvetsera. Kumtunda magalimoto awiri a phula anali ataima, utsi uli tolo. M'galimoto yoyera munatuluka bwana wa kampani yomanga msewuyo, munthu woti nsapato zake sizinalawepo matope chibadwire. Koma abale, anthu ena! Anabwera akumwetulira ngati wabwera ku ukwati.

"Mayi, vuto n'chiyani? Phula likuzizira. Akuluakulu akubwera Lachisanu kudzatsegula msewu. Sainani, kadambo aka tidzakaona mvula ikatha."

"Mvula ikatha mudzakhala muli kuti inu? Madzi saiwala khwawa. Phula limeneli lidzasweka mwezi umodzi usanathe, minibasi yodzaza ana idzagwera m'dzenje, inu muli kwanu mukumwa tiyi."

Bwana uja anasiya kumwetulira. Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Chabwino. Mukalemba kuti pano palephera, dziwani kuti papepala pali dzina la mchimwene wanu. Ine ndimuchotsa lero lomwe, ndipo palibe kampani idzamulembenso. Chibale ndi fupa, mayi. Ganizani bwino."

Mayi Fukulani anamva thupi lonse kutentha. Anakwiyira bwanayo chifukwa chomugwira pakhosi ndi m'bale wake yemwe. Anakwiyira mchimwene wake chifukwa cholola kukhala chingwe chomumangira. Anadzikwiyiranso yekha, poti dzanja lake linali litapita kale m'thumba momwe munali cholembera. Anaganiza za alamu ake ndi ana anayi, ndi kakhonde kaja komwe amakhala onse Lamlungu masana akuseka. Kusaina kunali kwa kamphindi chabe.

Anatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu.

"A katapila, fukulani apa."

Woyendetsa katapila anayang'ana kapitawo, kenako bwana, kenako anayamba kupukuta galasi lomwe linali loyera kale.

"Ohoo, nonse mwagontha?" Mayi Fukulani anapita pa lole ya zida, natenga piki. Anamenya pakati penipeni pa msewu. Dothi lofiira la pamwamba linali lolimba, mikono inachita dzanzi, koma sanasiye. Thukuta linalowa m'maso. Atakumba kufika m'bondo, piki inangolowa yokha, fwa! Anapisa dzanja natulutsa chibuma chakuda, chonyowa, chonunkha dambo, mizu ya udzu ikadali momwemo. Anachiponya patsogolo pa nsapato za bwana uja, matope n'kuthovukira pa thalauza.

"Miyala yanu ndi imeneyo!"

Kapitawo anatembenukira kwa bwana uja. "Anandiuza ndi iwowa kuti masiku atha, tingokwirira."

"Ine?" anatero bwana akudzigwira pachifuwa. "Muli ndi kalata yanga? Wosaina ndani?"

"Ndiye munavomereranji, achimwene?" anatero Mayi Fukulani. "Inu amene munandiphunzitsa! Bwenzi mutabwera kwa ine, tikanalimbana nawo limodzi. Mwandiika pamoto dala, mukudziwa kuti woyesa ndine. Mumati ndikaona dzina lanu nditsinzina?"

Kapitawo anazolika, ndipo apo m'pamene mlongo wake anadziwa kuti ankaganizadi choncho.

Mayi Fukulani anatsamiritsa pepala pa thanki nalemba kuti chigawo cha dambo chalephera, chifukulidwe chonse. Analembanso mawu a bwana aja monga anawamvera, ngakhale ankadziwa kuti amenewo adzawakana. Chala chake chinasiya chidindo cha matope pafupi ndi siginecha. Bwana analoza magalimoto a phula kuti abwerere, kenako analoza kapitawo kuti achoke pantchito, osamuyang'ana n'komwe.

Kapitawo anavula chisoti chake chachikasu, chomwe chinali chitasuluka ndi dzuwa la zaka makumi awiri. Anachiika pansi bwinobwino pafupi ndi dzenje lija.

"Mwagwira ntchito, bwana injiniya," anatero mwaulemu, ngati akuyankhula ndi mlendo.

"Achimwene!"

Sanacheuke. Anauyamba wapansi kulowera kumtunda, pa makilomita atatu aja amene anawamanga bwino ndi manja ake, ndipo msewu sunagwedere ngakhale pang'ono.