Kapitawo Woyankhula Mapini Ali M'kamwa

Lachitatu masana, eni shopu yosoka zovala anaitanira kapitawo wawo mu ofesi n'kumupatsa kalata. Inali kalata yochotsa ntchito a Kolala, telala wamkulu pa onse m'shopumo. Panangotsala kuti kapitawo asaine, ndipo abwanawo anati akuifuna Lachisanu m'mawa.

Mlandu wake unali pa tebulo pomwepo. Anali malaya makumi atatu a yunifolomu ya sukulu ina, osokedwa bwino, mizere yowongoka ngati yolemba ndi rula, koma onse a kolala yosongoka. Sukuluyo inali itasintha maganizo Lolemba, n'kunena kuti ikufuna kolala yozungulira. Matelala ena onse anasintha, koma a Kolala anapitiriza yakale. Ndipo aka sikanali koyamba. Mwezi wathawo anaika matumba kumanja, anzawo onse ataika kumanzere.

"Inu ndinu kapitawo," anatero abwana. "Munawauza kapena simunawauze?"

Kapitawo anayankha kuti anauza onse, ndipo sanali kunama.

Kapitawoyu anali mayi amene anali atasoka m'shopumo zaka zisanu ndi ziwiri, koma ukapitawo anali nawo miyezi itatu yokha, chipumireni ntchito madala amene anali pa mpandowo. Anali munthu wachangu, wosadziwa kukhala manja lende. Atakwezedwa sanasiye lumo. Ankadula nsalu, kuyankha foni ndi kulamula anthu nthawi imodzi, ndipo iye ankaona kuti utsogoleri ndi womwewo.

A Kolala anali bambo wa imvi, amene makutu awo anawonongeka ndi matenda ali mwana. Ankamva pang'ono, ndipo zambiri ankazitola poyang'ana milomo ya woyankhula. Aliyense m'shopumo ankadziwa zimenezi, koma poti zaka zonsezo sanalakwitsepo oda, anthu anali ataiwala. Ena ankangonong'onezana kuti mdalayo amamva zimene akufuna. Dzina lawolo linabwera chifukwa panalibe wowaposa pa kusoka kolala, ndipo kapitawo mwiniyo anaphunzira kolala pa makina awo. N'chifukwa chake kalatayo inamuwawa. Anaipinda n'kuiika m'chikwama.

Atafika kunyumba anapeza mwamuna wake, amene anali wowotcherera zitsulo, akusamba m'manja pakhonde. Bamboyo ankakonda kumulonjera ndi sawatcha chikwezedwereni, koma tsikulo ataona nkhope anatsitsa dzanja. Atamva nkhani yonse anati palibe chovuta apa. Abwana alamula, munthuyo walakwa kawiri, ndipo kapitawo watsopano akayamba kulimbana ndi eni ntchito, amene atsatire pakhomo ndi iyeyo. Koma mkazi wake sanatulutse cholembera.

Dzuwa lisanalowe kunabwera mayi wa nyumba yoyandikana nayo, namwino wopuma ntchito, amene onse ankangowatchula kuti Anamwino. Anabwera ndi diresi lalitali kuti awapindire m'munsi. Analivala n'kuimirira pakati pa balaza. Kapitawo anagwada, n'kuluma mapini asanu monga achitira telala aliyense, n'kuyamba kupinda uku akufotokoza mavuto ake. Anafotokoza za kolala, za matumba, za kalata, mutu uli pansi, maso ali pa nsalu.

Anamwino anamulekerera kwa kanthawi, kenako anamugwira paphewa.

"Mwana wanga, lavulani mapiniwo. Chiyambireni ndangomva kuti kolala, kolala. Kodi kuntchito mumayankhulanso chonchi?"

Mwamuna wa kapitawo anaseka mpaka kukhala pansi. Anati iye wakhala akuvomera zinthu zimene sanamve kwa zaka khumi, ndipo makatani a m'nyumbamo anawavomera mwanjira yomweyo. Koma kapitawo sanaseke. Anachotsa mapini m'kamwa mmodzimmodzi, akukumbukira mmene zinayendera Lolemba lija. Foni ya kusukulu inamupeza pa tebulo lodulira. Anakuwa uthengawo ali pomwepo, atafulatira anthu, makina onse akulira, ndipo mapini anali m'kamwa.

Anayesa kudziteteza kuti ena onse anamva. Anamwino anakhala pa mpando, diresi lili ndi mapini ake, n'kumufotokozera mmene ankachitira m'wodi. Posinthana ntchito, namwino wotuluka sankangotaya mawu m'mwamba n'kunyamuka. Ankaima ndi mnzake pa bedi la wodwala, n'kumusonyeza zolembedwa, ndipo wolandirayo ankabwereza zimene wamva. Akalephera kubwereza, wolakwa sankakhala iye, koma wopereka uthenga amene wachoka asanatsimikize.

"Musasaine kanthu musanakhale pa mpando wa bamboyo," anatero Anamwino. "Mukawafunse, muwayang'ane kumaso. Mukapeza kuti cholakwa n'chanu, mukachinyamule nokha. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Lachinayi kapitawo analawirira. Anapeza a Kolala afika kale monga mwa nthawi zonse, akuthira mafuta m'makina awo. Makinawo anali pakona, moyang'ana zenera, chifukwa maso awo ankafuna kuwala. Kapitawo anakoka mpando n'kukhala patsogolo pawo, m'manja mulibe kanthu, m'kamwa mulibe kanthu. Anawafunsa pang'onopang'ono mmene kapitawo wakale ankawauzira oda ikasintha.

A Kolala anamufotokozera zonse. Anati madala aja ankabwera pa makina awo, n'kugogoda tebulo kawiri, n'kuyembekeza kuti adzutse mutu. Akatero ankayankhula atawayang'ana, ndipo nthawi zambiri ankajambula ndi choko pa kansalu. Sanalembe lamulo limeneli paliponse, ndipo atapuma ntchito linapita nawo. Chichokereni madalawo, a Kolala ankangoona msana wa kapitawo ukugwedezeka, n'kudziwa kuti kwanenedwa chinachake.

Kapitawo anafunsa chifukwa chake sanadandaule.

"Mayi, ukamangoti mwati chiyani, mwati chiyani tsiku lonse, anthu amatopa nawe," anatero a Kolala. "Ndinaona kuti muli ndi zambiri. Ndinati ndisakhale katundu wina."

Mawu amenewa anamulasa kapitawo. Anachita manyazi, ndipo anawauza a Kolala kuti wachita manyazi.

Anthu atafika n'kuyatsa makina, kapitawo anapempha a Kolala kuti amubwereke mpando wawo. Anatuma mayi wina wolongolola, amene anzake ankamutcha Wailesi, kuti akaime pa tebulo lodulira, afulatire, alume mapini, anene chilichonse. Wailesi sanafune kuuzidwa kawiri. Anakuwa chiganizo chonse, koma kapitawo, ndi makutu ake abwinobwinowo, anangotola mawu awiri. Atatembenuka anaona kuti pa mpandowo munthu saonanso zimene anzake akusoka. Patsogolo pali zenera, kumbuyo kuli shopu yonse.

Anathimitsa makina onse n'kuitana anthu kuti aime mozungulira. Anawauza kuti sanawaitanire kuti apeze wolakwa, chifukwa wolakwayo wamupeza kale ndipo ndi iye mwini. Anafuna kudziwa kuti Lolemba lija ndi angati anamva ndi makutu awo. Mayi woika mabatani anakweza dzanja mwamanyazi n'kunena kuti iye sanamve, anangoonera pa mnzake wa pambali. Telala wina anati nayenso anaonera. Pa anthu asanu ndi anayi, amene anamvadi anali atatu, omwe makina awo ali pafupi ndi tebulo lodulira. Ena onsewo ankayenda ndi maso, ndipo a Kolala okha ndi amene analibe wowonera.

Wailesi, amene sasunga kanthu m'mimba, anaulula kuti iye anaona makolala osongokawo Lachiwiri m'mawa. Anafuna kunena, koma anakumbukira kuti sabata yathayo atafunsa za ulusi kapitawo anamuyankha kuti asamataye nthawi ya anthu. Ndiye anangotseka pakamwa, chinthu chimene kwa Wailesi ndi ntchito yaikulu. Anthu anaseka, kapitawo naye anaseka, koma mawuwo anawasunga.

Sanabwere ndi mankhwala ake okonzakonza. Anafunsa anthuwo kuti achite chiyani, ndipo anayambira kwa a Kolala. Iwo anapempha kuti makina awo atembenuzidwe, kuwala kuzibwera cha m'mbali, nkhope izionana ndi anzawo. Anatinso wofuna kulengeza kanthu aziyamba wathimitsa ndi kuyatsa getsi la pakati kuti aliyense adzutse mutu. Mayi wa mabatani anati pakhoma pazikhala malaya amodzi achitsanzo a oda iliyonse, ndipo zikasintha, chitsanzocho chizisintha nthawi yomweyo. Wodula nsalu anati kunyumba ali ndi bolodi yakale ya ana ake, abwera nayo. Tsikulo onse anagawana malaya makumi atatu aja, n'kuyamba kusomola makolala.

Lachisanu m'mawa mwamuna wa kapitawo anamuperekeza mpaka pa msewu. Anamufunsa ngati watsimikiza, poti abwana akhoza kumutsitsa pa mpando. Iye anati watsimikiza. Bamboyo anapukusa mutu, koma anamukonzera kolala ya bulauzi asanabwerere.

Kapitawo analowa mu ofesi n'kuika kalata pa tebulo yosasaina.

"Bwana, a Kolala sanakane lamulo. Lamulolo silinawafike, ndipo amene sanalifikitse ndine. Ngati pakufunika chenjezo, lilembedwe m'dzina langa."

Abwana anavula magalasi. Anati iwo sanakweze munthu kuti aziwaphunzitsa ntchito, ndipo shopu si malo osungirako anthu chifukwa cha chisoni. Kapitawo sanakweze mawu. Anati iye sakupempha chisoni. Anawauza za anthu atatu okha amene anamva, n'kunena kuti a Kolala akachoka lero, mawa wolakwitsa adzakhala wina, chifukwa vuto likhala lidakali pa tebulo lodulira. Anawasonyeza malaya khumi ndi asanu okonzedwa kale, n'kulonjeza kuti otsalawo atha pofika Loweruka masana. Kenako anapempha mphindi khumi m'mawa uliwonse, makina ali chete, kuti anthu azionana nkhope.

Mphindi khumizo zinawawawa abwana kuposa china chilichonse. Anang'ung'udza, anayang'ana makolala atsopanowo mkati ndi kunja, n'kusowa pogwira. Pomaliza anaponya kalatayo mu dirowa n'kunena kuti apereka mwezi umodzi. Pakalakwikanso kanthu, adzatulutsa makalata awiri, ya a Kolala ndi ya kapitawo.

Masiku oyamba sizinayende mosalala. Kawiri konse kapitawo anayamba kukuwa ali pa tebulo lodulira, ndipo shopu yonse inamuloza chala pakamwa. Anaphunzira kuseka n'kuyambiranso. Anasiyira wodula nsalu lumo, n'kuyamba kuyenda pa makina alionse. M'mawa uliwonse ankalemba oda pa bolodi, n'kupachika chitsanzo, ndipo munthu mmodzi ankabwereza zimene zanenedwa. Pomaliza ankafunsa ngati wina waona chimene iye sanaone, n'kudikira ndithu, osathamangira kuyatsa makina.

Sabata yachitatu kunabwera oda yaikulu ya maovololo a kampani ina. Kapitawo analemba miyezo pa bolodi, anthu n'kuvomera. Akuti azibalalika, a Kolala anagogoda tebulo. Anapita pa bolodi ndi tepi yawo, n'kusonyeza pamaso pa onse kuti muyezo wa manja sukugwirizana ndi chitsanzo chopachikidwa. Kapitawo anali atakopera mzere wolakwika pa pepala la oda. Nsalu inali itayalidwa kale pa tebulo, lumo lili pamwamba pake. Abwana anali ataima pakhomo la ofesi, ndipo anaona zonse.

Kapitawo anafufuta yekha nambala yolakwikayo, n'kuthokoza a Kolala atawayang'ana kumaso. Mdalayo anangogwedeza mutu n'kubwerera pa makina awo, koma ankayenda ngati munthu wa pakhomo pake.

Mwezi usanathe, abwana anaitana onse awiri mu ofesi. Anatulutsa kalata ija n'kuing'amba. Kenako anayamba kuyankhula akusakasaka zinthu mu dirowa, mutu uli pansi. Kapitawo anakhosomola pang'ono. Abwana anazindikira, anadzutsa mutu, n'kubwereza mawu awo atayang'ana a Kolala. Anawapempha kuti aziphunzitsa matelala atsopano Lachisanu lililonse, ndipo anawonjeza mawu amene sankatuluka kawirikawiri pakamwa pawo, oti pepani.

A Kolala anayankha kuti amva. Anati zaka makumi awiri agwira ntchito m'shopumo, ndipo aka kanali koyamba kumva abwana awo kuyambira mawu oyamba mpaka omaliza.

Inu amene muli ndi anthu owayang'anira, kaya ndi awiri kaya ndi makumi asanu, phunzirani pa mayi ameneyu. Wantchito akalakwitsa, musathamangire chilango. Yambani mwafunsa ngati uthenga unamufika, ndipo khalani pamene iye amakhala kuti muone zimene amaona. Munthu wa ulumali safuna kumveredwa chisoni, amafuna kuti kagwiridwe ka ntchito kamuwerengere, ndipo mukakonzera iye mumakhala mwakonzera ena ambiri amene amaopa kufunsa. Cholakwa chikakhala chanu, vomerani pamaso pa anthu anu. Mtsogoleri wotere sachepa, ndipo anthu ake amamuuza zoona nsalu isanadulidwe.