Tsiku Limene Stelia Anaimirira Alendo

Patapita zaka ziwiri dziko litayamba kudzilamulira, sukulu ina ya ku Blantyre imene kale inkalandira ana a azungu okha inayamba kulandiranso ana akuda. Amene analowa sanali ambiri: ana a makalaliki, ana a abusa, ndi mtsikana mmodzi wa ku Ligowe, Stelia, mwana wa a Dailesi. Malowo anampezera ndi amalume ake, a Laimoni, amene anali ataphika zaka zambiri m'khitchini ya sukuluyo. Iwowo ndiwo anachonderera mphunzitsi wamkulu kuti amuyese mwanayo, ndipo mayesowo anakhoza. Ankagona kwa amalume akewo, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa sukulu.

Bambo ake a Stelia anali kumigodi ku Joni, choncho za pakhomo zonse zinali m'manja mwa a Dailesi.

Pa tchuthi cha nyengo ya manachesi Stelia anabwera kumudzi. A Dailesi anamuyang'anitsitsa masiku oyambawo, monga mmene munthu amagogodera mphika umene anabwereketsa, ndipo anaona kuti ndi yemwe uja. Madzi ankatunga, kusinja ankasinja, utsi wa m'khitchini sunkamunyansa. Anali atangotalika basi.

Tchuthi chili pafupi kutha, tsiku lina masana kunabwera alendo. Anali a Gerishon, mkulu wa mpingo, ndi akazi awo a Falesi, amene ankatsogolera amayi olangiza atsikana. Stelia anali pakhonde akuswa mtedza. Atangoona alendowo akulowa pabwalo anadzambatuka, naima chilili, manja m'mbali, n'kuwayang'ana m'maso.

"Takulandirani. Muli bwanji?"

Mphasa inali isanayalidwe n'komwe. Ku Ligowe mlendo amayamba wakhala ndi kupuma, kenaka mwana amabwera n'kugwada chapatali, maso pansi, ndiye apereke moni.

"Kodi amake Stelia, tafika kupolisi?" anatero a Gerishon akuseka.

A Falesi sanaseke. A Dailesi anayala mphasa, natulutsa mpando wa abambowo, alendo nakhala. Stelia anali adakali chiimire, kudikira kuti wina amuuze kuti akhale, ndipo tsopano anali ataimirira akulu okhala pansi, mthunzi wake uli pamutu pa a Falesi.

"Khala pansi, iwe," anatero a Dailesi chapansipansi.

Mwanayo atapita kukatereka madzi, a Falesi anayankhula mofatsa.

"Sindikudzudzula ayi. Mwanayu wakula, ndipo wakulira kutali. Chilangizo cha atsikana chiyamba Lolemba. Mutisiyire, timuwongole pamodzi ndi anzake."

"Sukulu nayonso itsegula Lolemba lomwelo, amayi."

"Sukulu sithawa."

Koma a Dailesi ankadziwa kuti sukulu imeneyo inali yothawa. A Laimoni anali atawauza kuti mwana wakuda akapanda kuoneka tsiku lotsegulira, malo ake amapatsidwa kwa wina, poti makolo odikira pakhomo anali ambiri. Ndipo galimoto yopita ku Blantyre inali imodzi yokha, lole ya a Malizani ogula manachesi, imene inkanyamuka Loweruka.

M'mawa mwake mayi ndi mwana anapita kumunda kukathyola manachesi oti akwere lole imeneyo. Dengu loyamba litadzaza, a Dailesi anafunsa osatembenuka.

"Dzulo lija unagwidwa ndi chiyani?"

"Ndimawalemekeza, amayi."

"Kulemekeza kwake kumeneko?"

"Kusukulu wamkulu akalowa timaimirira. Sitikhala mpaka atiuze."

Stelia anathyola nachesi lina, nalipukuta ndi chitenje.

"Tsiku loyamba ndinapereka kope kwa amadamu nditagwada. Kalasi yonse inaseka. Mnyamata wina anagwada kumbuyo kwanga akulira ngati mbuzi. Akandifunsa funso ndinkayankha maso ali pansi, monga munandiphunzitsira. Koma kumeneko amati mwana woyang'ana pansi ndiye kuti sakudziwa, kapena akubisa kanthu. Anandiika kumbuyo kwenikweni, kumene mafunso safika. Ndinakhala kumeneko miyezi yathunthu ngati thumba la chimanga."

"Bwanji sunanene?"

"Ndinauza amalume. Ndiwo anandiphunzitsa. Akaweruka ankalowa m'nyumba n'kutuluka, n'kulowanso, kuti ine ndiziimirira ndi kuwayang'ana m'maso. Mwinanso manyazi ankachita ndi iwowo. Ankayang'ana kudenga."

A Dailesi anafuna kuseka poganiza za mlongo wawoyo, koma anadziletsa.

"Nanga tsopano?"

"Tsopano ndimakhala kutsogolo. Pa masamu amandiposa ndi mmodzi yekha."

"Anzako uli nawo?"

Stelia anaponya nachesi m'dengu.

"Alipo wina amene amandibwereka chofufutira."

"Ndiye ukufuna kubwerera komweko?"

"Eya, amayi."

A Dailesi anapitiriza kuthyola. Mumtima mwawo sankaona kuti a Falesi alakwa. Iwo eni anali atalangizidwa, ndipo kwa zaka zingapo ankathandiza nawo kulangiza ana a anzawo. Ankadziwa kuti chilangizo si kugwada kokha. Mtsikana amaphunzirako kudzisamala, kukhala pamaliro, kuyankhula ndi apongozi. Amene sanapiteko amakhalabe mwana pakati pa akazi anzake, ngakhale atamera imvi. Koma ankadziwanso kumene atsikana a m'mudzimo ankapita akatuluka m'chilangizo. Mvula ziwiri zisanathe ambiri ankakhala ali ndi mwana kumsana.

Lachisanu a Dailesi anapita kwa a Falesi. Anawapeza akupeta tirigu pabwalo. Anagwada, napereka moni, nathandiza kutola timiyala. Kenaka anapempha kuti Stelia adzalangizidwe yekha pa tchuthi china.

"Amake Stelia, chilangizo si mankhwala a malungo oti munthu amwa yekha," anatero a Falesi. "Amalowa ndi anzake, amatuluka ndi anzake. Amenewo ndiwo adzamuphikira pa ukwati wake, ndiwo adzamugwira akadzaferedwa. Ana a azunguwo adzabwera kuno kudzagona pamaliro ake?"

"Sadzabwera."

"Nanga?"

"Akaphonya Lolembali, khomo lija silidzamutsegukiranso."

"Khomo limenelo ife sitinalowepo, koma tili moyo, eti?"

"Tili moyo, amayi."

A Falesi anaika lichero pansi. Sanakwiye.

"Mwana ndi wanu. Koma ndikuuzeni zoona. Mukamutumiza, amayi adzati mwatinyoza, ndipo ine sindingawatseke pakamwa. Inunso simungadzalangize ana a eni, wanu mutamuthawitsa."

"Ndamva."

"Mwamva, kapena mwavomera?"

"Ndamva," anatero a Dailesi, natsanzika.

Loweruka lole inafika dzuwa litakwera pang'ono. Anthu anali atasonkhana pamsewu ndi madengu awo, ndipo pakati pawo panali amayi angapo a chilangizo. A Dailesi anafika atasenza manachesi, Stelia akutsatira ndi kasutikesi kake kamalata. Macheza anaduka pang'ono, kenaka anapitirira.

"Katundu ameneyu ndiye sindigula," anatero a Malizani akuloza Stelia. "Ku Blantyre adzandifunsa kuti nachesi lovala nsapato ndalitenga kuti."

"Mukangomufikitsa kwa a Laimoni, basi," anatero a Dailesi.

Stelia anakwera pamwamba pa madengu, nakhala atakumbatira sutikesi. Mayi ake anamuponyera chimanga chokazinga chokulunga m'kansalu. Lole inatsika phiri pang'onopang'ono, ikubuula m'makona, mpaka fumbi linaibisa.

Stelia anamaliza sukuluyo, napita kukaphunzira unamwino, ndipo anagwira ntchito m'zipatala za kutali. Kumudzi ankabwera kamodzikamodzi, osakhalitsa. Ukwati wake unachitikira m'tauni, ndipo anaphika ndi anamwino anzake. Chilangizo chija sanalowenso.

Koma zonsezi a Dailesi sankazidziwa Lamulungu lotsatira Loweruka lija. Anasamba, navala chitenje chawo chabwino, napita kutchalitchi. Amayi olangiza ankakhala pamodzi kutsogolo, mbali ya akazi. A Dailesi atalowa anaona kuti amayiwo asenderana, ndipo mpata umene iwo ankakhalapo watsekeka. Palibe anawayang'ana moipa. Palibenso anasuntha.

Anabwerera kumbuyo, nakhala pafupi ndi khomo, pamene pamakhala amayi a ana oyamwa kuti azituluka msanga mwana akalira. Mmodzi wa iwo, Mailesi, amene a Dailesi anamulangiza nawo zaka zitatu zapitazo, anasendeza mwana wake kuti awapatse malo.

"Wapita?" ananong'ona Mailesi.

"Wapita."

A Gerishon anaimirira kutsogolo natchula nyimbo yoyamba. A Dailesi anaiyamba pamodzi ndi onse, ali pamalo awo atsopanowo.