Muyeso wa Bango

A Bernardo anabwerera ku Mecanhelas patapita zaka makumi atatu, n'kupeza mibawa yomwe ankailota kuchilendo inapsa makala kalekale. Chimene chinawadikira osasintha ndi maenje a msewu wa ku Chiuta. Anzawo anabwerera nkhondo itangotha. Iwo anatsalira ku Zomba, kuphunzitsa ana a eni. Pobwera anatenga makatoni anayi a mabuku ndi jipi yokalamba ngati mwini wake.

Jipiyo inkafunika sabata yomweyo. Mlongo wawo, mai Rabeca, anali gone kunyanja ya Chiuta, miyendo itatupa, osatha n'kukhala komwe pa njinga yamoto. Anayenera kukawatenga mvula isanadzaze dambo la panjira, chifukwa likadzaza galimoto siliwoloka mpaka masika.

Koma kilachi inali itafa, kachitatu tsopano. Ukaiponda inkangomira ngati waponda papaya wowola. Kabomba, kampope ka mafuta kokankha kilachiyo, opanga galimotolo anakabisa m'kati, pakati pa injini ndi giyabokosi, moti kakangoyamba kudontha mafuta, kuti ukafikire unkayenera kutsitsa giyabokosi yonse.

"Amene anapanga zimenezi sanagonepo chagada pansi pa galimoto," anatero Che Zubairi, makaniko wa kuseri kwa msika wa Insaca. "Tikatulutsire panja kameneka, kazioneka ngati mphuno."

"Buku lake silikutero," anatero a Bernardo.

"Ndiye litumeni bukulo likatenge alongo anu."

A Bernardo anakwera shapa, minibasi ya kumeneko, kupita ku Cuamba, kukafukula pa milu ya zitsulo zakale, n'kubwerako ndi chigoba cha kilachi chokhala ndi bowo m'mbali, chitsulo cha mphanda, ndi kabomba ka panja. Che Zubairi anamanga masiku awiri. Tsiku lachitatu m'mawa anawakhazika a Bernardo pa chiwongolero kuti atulutse mpweya m'paipi, iwo n'kukwawira pansi ndi sipanala.

"Pondani! Pondaninso! Gwirani pomwepo! Aphunzitsi, ndati gwirani. Kodi makutu munawasiya pa fulontera, podutsa malire?"

Mpweya unatha, kilachi n'kulimba. Koma atalitsa injini, giya inakana kulowa, inangokukuta mano. Zida zija zinachokera ku magalimoto osiyana, ndipo kandodo ka chitsulo kochoka pa kabomba kukakankha mphanda kanali kakafupi.

Chakunyanja kunagunda. A Bernardo anatsika n'kuyamba ulaliki wawo wa masiku onse: dziko loti kachitsulo kotalika ngati chala mpaka ukaitanitse ku Nampula, n'kudikira masabata awiri! Koma masabata awiriwo mai Rabeca analibe.

Che Zubairi sankamvetsera n'komwe. Anasolola bango pa mpanda wa eni ake, n'kukwawiranso pansi. Analilowetsa pamalo a kandodo kaja, n'kulemba ndi chikhadabo, kulidula, kuyesa, kusenga pang'ono, kuyesanso.

"Galimoto langa liyendere bango?"

"Bango ndikalilakwitsa ndisolola lina. Chitsulo ndili nacho chimodzi chokha."

Chitsulocho chinali cha pakati pa gudumu la kumbuyo la njinga yawo yomwe, imene ankayendera tsiku ndi tsiku kuchokera kumudzi. Anaigadamiza, n'kuchichotsa, kuchicheka molingana ndi bango lija, n'kuchipala nsonga zonse ziwiri mpaka kusalala.

"Nanga kwanu mubwerera bwanji, Che Zubairi?"

"Miyendo yanga siinatupe. Pondani!"

Giya inalowa mwakachetechete ngati mphaka m'khitchini.

Anafika ku Chiuta dzuwa lili paliwombo. Asodzi anayi ananyamula mai Rabeca pa mphasa n'kuwagoneka kumbuyo. Pobwerera mvula inawapeza padambo. Matope anagwira magudumu, a Bernardo n'kuponda kilachi kasanu, kakhumi, kutsogolo, kumbuyo. Nthawi zonsezo kilachi inamvera, mpaka jipi inatulukira kutsidya ikufuka nthunzi.

Polowa mu Insaca anaona Che Zubairi akuyenda wapansi mphepete mwa msewu, thumba la feteleza atafunda kumutu. A Bernardo anachepetsa liwiro. Panjira anali atakonzeratu mawu othokoza ambirimbiri, osanjidwa bwino, koma atangotsitsa galasi makanikoyo sanawapatse mpata.

"Mukuimira chiyani, aphunzitsi?" anakuwa Che Zubairi. "Ine si dotolo! Chipatala chili uko!"

A Bernardo anavula chipewa, n'kuponda moto. Kumbuyoko mai Rabeca, ali chigonere pa mphasa, ankawomba m'manja pang'onopang'ono.