Ndani Analemba Kapepala ka Nyama?

A Preben Dalsgaard atatuluka m'chipatala, dokotala anawauza mosapsatira kuti achepetse nyama, makamaka masoseji, apo ayi mtima udzawagwetsanso. Akazi awo, mayi Gudrun, anagwira mawuwo. Kwa masabata atatu m'nyumbamo munali nsomba, kabichi ndi nyemba, a Preben akudya atakwinya nkhope ngati akumwa mankhwala.

Ndiye Lachiwiri lina m'bokosi la makalata munapezeka kapepala kokongola, kokhala ndi chidindo cha khonsolo ya tauni yawo ya m'chigawo cha Jutland. Pamwamba panalembedwa kuti: "Malangizo a Kadyedwe Kabwino: Nyama Tsiku Lililonse, Mphamvu Tsiku Lililonse."

"Mwaona, mayi? Boma lalankhula," anatero a Preben. "Tulutsani masoseji aja munabisa."

"Boma lake liti? Linali nanu m'chipatala muja mukubanika?"

"Apa pali chidindo. Inu muli nacho chidindo?"

Kuyambira tsikulo chakudya chilichonse chinasanduka mlandu. Lachisanu masana mayi Gudrun anawapeza amuna awo m'galaja, munthu wamkulu wa imvi zake atanjuta kuseri kwa galimoto, akutafuna soseji yozizira.

"Ndikuthandiza alimi," anatero a Preben, m'kamwa modzaza. "Tonse tikasiya nyama, a Inger adya chiyani?"

Mayi Gudrun anatenga kapepalako. Analunjika nako kwa a Inger, mayi wamasiye woyandikana nawo, amene ankaweta nkhumba makumi awiri pabwalo.

"Akuti akuthandiza ine?" A Inger anaseka mowawidwa mtima. "Soseji imeneyo ndi ya kampani ija ya kutsidya kwa msewu, ya nkhumba zikwizikwi zosaona dzuwa. Anzanga, munthu wodya nyama tsiku lililonse amafuna yotchipa, ndipo yotchipayo si yanga. M'dera lino tinalimo alimi ang'onoang'ono asanu ndi anayi. Lero ndatsala ndine ndekha."

Anatembenuza kapepalako n'kuloza timalemba tating'ono kumapeto kwenikweni: "Kasindikizidwa ndi thandizo la anzathu amalonda."

"Anzawo ati?" anafunsa mayi Gudrun.

"Funso lake ndi lomwelo. Pitani nalo kwa Henriette, namwino wa pachipatala chathu chaching'ono."

Henriette atangokaona kapepalako anagwira mutu.

"Kameneka kandikwana, mayi. Odwala anga atatu abwera nako sabata ino, aliyense akuti dokotala ananama. Nyama si poizoni ayi, koma munthu wodwala mtima ngati amuna anuwo ayenera kudya yochepa. Mudziwe kuti muli ndi ufulu wofunsa khonsolo mayina a anthu amene analemba zimenezi, ndi kumene amagwira ntchito. Lembani kalata, ndipo musawasiye mpaka ayankhe."

Mayi Gudrun analemba. Sabata inatha, zii. Anaimba foni, anawatumiza ku ofesi ina. Ofesi imeneyo inati woyang'anira ali patchuthi. Woyang'anirayo atabwerako anati kalatayo sanaione. Mayi Gudrun analemba ina n'kukaipereka pamanja.

Yankho linabwera patatha mwezi ndi theka. Komiti yolemba malangizo inali ya anthu asanu ndi awiri, ndipo anayi mwa iwo anali antchito a kampani ya nkhumba ija. Munalibe dokotala, munalibenso mlimi wamng'ono.

A Preben anawerenga mayinawo kawiri, n'kuvula magalasi.

"Ndiye kuti amene amandilangiza ndi omwewo ondigulitsa?"

"Valani jekete. Khonsolo ili ndi msonkhano wa anthu onse lero."

Nthawi ya mafunso itakwana, mayi Gudrun anaimirira n'kuwerenga mayina onse ndi malo awo antchito.

"Mayi, amenewa ndi akatswiri," anatero wapampando. "Nyama amaidziwa bwino."

"Inde, amadziwa kuigulitsa! Amuna angawa ali ndi chipsera cha opaleshoni pachifuwa. Bambo, taimirirani akuoneni."

A Preben anaimirira, makutu atafiira ndi manyazi.

"Ine ndinakakhulupirira kapepalako chifukwa cha chidindo chanu," anatero motsitsa mawu. "Ndinasiya kumvera dokotala."

M'holomo munayamba phokoso. Mayi wina anati bambo ake odwala shuga achitanso zomwezo. A Inger anafunsa chifukwa chake alimi ang'onoang'ono sanaitanidwe, ndipo wapampando anangosanthula mapepala ake.

Mwezi wotsatira khonsolo inalengeza kuti kapepala kaja kachotsedwa. Inakhazikitsa komiti yatsopano, momwe munalowa Henriette ndi a Inger, ndipo inalamula kuti aliyense wolowamo aziulula kaye amene amamulemba ntchito.

Masiku ano a Preben amadya nyama kawiri pa sabata, yogula kwa a Inger. Nyemba amazidandaulabe, koma Henriette atawayeza anapeza kuti kuthamanga kwa magazi kwatsika, ndipo ayambanso kupalasa njinga.

Malangizo a zakudya akakupezani, musangoona chidindo. Funsani amene anawalemba, amene anawathandiza kusindikiza, ndi amene apindule mukawatsatira. Kufunsa ndi ufulu wanu. Ndipo pa nkhani ya thupi lanu, mverani azaumoyo amene akukuyezani, osati ogulitsa.